MNZANGA WA M'GOWERO: Umo Timchulira Munthu Wokhala Naye Nyumba Imodzi

Tsiku lina ndinali kuwerengetsa ana a kalasi lomariza buku la Cingerezi, ndipo tinapeza liu lakuti room-mate. Mwana wina anaimika dzanja nafunsa cimasuliro cace, ndipo ine, wosayamba kulingalira, ndinati, "Ndiye wogona naye." Pomwepo anyamata akuru okhala kumbuyo anabisa nkhope zao m'mabuku alikuseka, atsikana nawerama ndi manyazi. Sindinanama ai, pakuti munthuyo agonadi m'cipinda momwe ugona iwe. Koma ndinalakwa ndithu, popeza mau amene ndinanena ali ndi tanthauzo laciwiri, ndipo anawo anamva laciwirilo. Kuyambira pamenepo ndakhala ndirikufunsa akuru a kuno ku Kasungu, ndi kuchera khutu pamene anthu aceza okha, kuti ndimve umo amchulira munthu wotere. Zimene ndapeza ndizilemba pano cifukwa ca inu aphunzitsi anzanga ndi alaliki, amene mulemba maina a anthu m'mabuku a sukulu ndi a Mpingo. Pakuti cimene mwalemba ciwerengedwa ndi ena inu kulibe, ndipo simukhalapo kuti mukonze.

Coyamba tibvomere ici: Cicewa ciribe dzina limodzi lokha la munthu wogawana naye cipinda. Izi sizizizwitsa, pakuti nyumba za makolo athu zinali zozungulira, zosagawa m'zipinda monga za lero. Koma anthu ogona pamodzi analipo m'mudzi uli wonse, ndipo anali kuchulana bwino lomwe. Macitidwe ace ndi awa: ayamba ndi liu lonena za munthu, naonjezapo liu lonena za malo.

Za liu lakuti mnzanga

Tsinde la mau onse a nkhani iyi ndi -nza. Tsinde ili siliima pa lokha, simungathe kunena kuti "mnza wabwera." Liyenera kukhala ndi mwini wace nthawi zonse, ndipo mwiniyo amamatira kumapeto: mnzanga, mnzako, mnzace, mnzathu, mnzanu, mnzao, ndi pocurukitsa, anzanga, anzako, anzace, anzathu, anzanu, anzao. Tiri nao maina ena ophatikana motere, monga mwananga ndi mkazanga, koma mwana ndi mkazi aima okha pamene tifuna. Lofanana nalo kwenikweni ndi mphwanga, mphwako, mphwace. Ana polemba alakwa kawiri kawiri nati "mnzanga wanga," kuika mwini kawiri, muwakonze. Koma "mnzace wa Petro" ndi Cicewa cabwino, musacidule ndi inki yofiira.

Ambiri ayesa kuti mnzanga ndiye munthu wokondana naye. Nthawi zina ziri comweco, koma si ndiko kuyamba kwa tanthauzo lace. Taonani, tinena kuti nsapato inzace yatayika, dzanja linzace latupa, tidzaonana tsiku linzace, patseni cinzace. Ndipo nsapato sizikondana. Mphunzitsi wa ku Nsanje amene sindinamuone ndi kale lonse ali mphunzitsi mnzanga. Akazi awiri a mitala achulana "mkazi mnzanga," angakhale m'mitima mwao muli nsanje yoopsya. Tsono liuli linena za kulingana: awiri a mtundu umodzi, kapena a nchito imodzi, kapena ogwera m'cinthu cimodzi. Abale athu Atumbuka a kumpoto kwa boma lino ali nalo lao locita cimodzimodzi, lakuti munyane, munyako, munyake.

Popeza liuli ndi lotakasuka cotere, tilimanga ndi kaliu kakuti wa, ndi dzina la malo: mnzanga wa pa ulendo, mnzanga wa ku ubusa, mnzanga wa pa nchito. Ndipo la munthu wogona naye nyumba imodzi, lakale ndi lomveka kwa nkhalamba ndi mwana yemwe, ndilo mnzanga wa m'gowero, kapena mnzanga wa ku mphala.

Za gowero, mphala ndi kuka

Mwambo wa Acewa ndi wakuti mwana akayamba kuzindikira zinthu sagonanso m'nyumba ya amace ndi atate wace. Cifukwa cace ndi ulemu: za m'nyumba ya akuru si za maso a mwana, kapena makutu ace. Anyamata apita ku nyumba yao ya okha, ndiyo gowero kapena mphala. Atsikana apita ku kuka, ndiko kwa agogo ao akazi, kapena ali nalo gowero laolao pafupi ndi agogowo. Mainawa sagwira cimodzimodzi m'midzi yonse. Kwina mphala ndi pabwalo pamene amuna akhala usana alikusoka mphasa ndi kusema mipini, ndi kudyapo nsima madzulo. Kwina ndi nyumba yogonamo anyamata. Ndipo kumene tapakana ndi Atumbuka mudzamva kuti mphara, ndi nyumba ya atsikana nthanganeni. Mwana akalemba monga anena kwao, musamdzudzule. Mfunseni afotokozere anzace.

Gowero amanga eni ace. Anyamata adula mitengo, afula luzi, amweta udzu, amata dothi, ndipo likadontha palibe wina womdandaulira. Ogonamo ndi ana a mbumba imodzi, abale ndi asuweni, pamodzi ndi mwana wamasiye, ndi mnyamata wobwera kudzaweta ng'ombe, ndi mlendo wa msinkhu wao akafika m'mudzi. Mphasa ndi imodzi kapena ziwiri. M'miyezi ya Juni ndi Julai, pamene mwera uomba pa cidikha cino popanda phiri loucinga, bulangete limodzi lifunda atatu, ndipo wa pakati ndiye wodala. Wamng'ono atumidwa kukapala moto ndi kutola nkhuni. Akadandaula amuuza kuti iwonso anayambira pomwepo. M'menemo aochamo cimanga ndi mbatata, agawana mbewa zimene anakumba usana, aponyerana zirapi, aphunzitsana zabwino ndi zoipa zomwe. Ife a sukulu tisadzinyenge kuti ndife tokha aphunzitsi a mnyamata. Cimene tamuuza usana cikayesedwa m'gowero usiku.

Tsono liu lakuti mnzanga wa m'gowero lisenza katundu amene la Cingerezi lija silisenza. Munthuyo ndiye adziwa ngati unagona m'nyumba kapena unaturuka. Mbuzi ikasowa, kapena ukabuka mlandu wa mtsikana, anyakwawa afunsa kuti mnyamatayo anagona kuti usiku umenewo, ndipo woitanidwa kudzacita umboni ndi mnzace wa m'gowero. Ukadwala pakati pa usiku, ndiye athamanga kukagogoda kwa akuru. Akagona tulo osasamala, mawa afunsidwa ndiye. Ukaona mbeta ku mudzi wina, ndiye akuperekeza, nakhala kumbali pamene iwe ulankhula, ankhoswe asanadziwe kanthu. Mwambi uja wakuti mnzako akapsya ndebvu mzimire, mnyamata aumva bwino pamene agona pafupi ndi moto umodzi ndi anzace.

Pambuyo pace ukwati uwabalalitsa. Mwa mwambo wa cikamwini mwamuna akamanga kwa mkazi wace, wina ku Chamama, wina ku Santhe, ndipo gowero lija ligwa, pamalo pace namera maungu. Koma liulo silifa pamodzi ndi nyumbayo. Ndaona nkhalamba ziwiri za imvi zitakomana pa maliro, imodzi niuza adzukulu ace kuti, "Awa ndi anzanga a m'gowero," ndipo adzukuluwo anagwada napereka moni monga kwa agogo ao eni eni. Onani kuti anati anzanga, angakhale munthuyo anali mmodzi. Uku ndi kucurukitsa kwa ulemu.

Za atsikana pali kanthu kosiyana. Ku kuka mwini nyumba alipo, ndiye agogo. Mtsikana achula atsikana ena kuti anzanga a ku kuka, koma sangathe kuchula agogo ace kuti mnzanga, angakhale agona nao nyumba imodzi zaka zambiri, anena kuti, "Ndigona kwa agogo." Agogo okha ndiwo ali ndi ufulu wa kutsika, ndipo poseka amchula mdzukulu wao wamkazi "mkazi mnzanga," monga ngati alimbirana mwamuna mmodzi. Ici ndi cipongwe cololedwa ca agogo ndi adzukulu. Wamng'ono sakweza yekha dzina lace kuti alingane ndi wamkuru.

Umo liuli linayendera kunja kwa mudzi

Misyoni ya Livingstonia inatsegula malo ace kuno ku Kasungu m'caka ca 1900 ndi Dr George Prentice, ndipo zaka za m'ma 1920 zitayamba nchitoyo inaperekedwa m'manja a misyoni ya ku Nkhoma; ndiwo malo a ku Chilanga. Pa misyoni yotere ana ocokera kutali anali kugona konko, ndipo mnyamata anayamba kuyala mphasa yace pafupi ndi mwana wa pfuko lina, wosadziwana naye makolo. Nyumba yogonamo inali yacilendo, koma liu lakuti mnzanga linalowamo losabvuta, pakuti linali kufuna kulingana kokha, losafunsa za cibale.

Ulendo waukuru unali wa kumwera. Amuna ambiri a dziko lino anapita ku Halale ndi ku Joni, ena pansi ndi miyendo, monga anacita Kamuzu Banda ali mnyamata, ndi mbale wace Hanock Msokera Phiri. Ena pambuyo pace anatengedwa ndi Wenela, kufikira 1974, pamene ndege yonyamula anthu a kuno inagwa ku Francistown, boma niletsa kulemba anthu. M'makomponi a migodi ya ku Johannesburg amuna ambiri anali kugona m'cipinda cimodzi, pa makama a simenti osanjikizana, ndipo cipinda ciri conse cinali kudzisankhira mkuru wace wochedwa sibonda, woweruza timirandu ta m'nyumba. Uko mnzanga wa m'komponi anatenga nchito yonse ya mnzanga wa m'gowero, ndi kuposapo. Munthu akafera mu mgodi, mnzace ndiye anali kunyamula bokosi lace ndi bulangete lace kudza nazo kwao, nakhala pansi pamaso pa mbumba kufotokoza za imfa ndi za manda. Ndipo mkazi amene mwamuna wace anakhalitsa osalemba kalata anali kudikira munthu wotere kuti amve ngati ali wamasiye, kapena mkazi wa mchona.

Lacitatu ndi la masiku athu, ndilo la fodya. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anacuruka pa cidikha ca pakati pa Bua ndi Dwangwa ndi kupitirira, a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, a Press Farming, a General Farming ndi a anthu ena, ndipo anthu anadza kudzafuna nchito kucokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Zomba, ku Machinga ndi ku Mangochi. Tenanti anali kudza ndi banja lace, napatsidwa munda, kanyumba ndi phoso la ngongole. Amuna osakwatira, kapena osiya akazi ao kwao, anali kuikidwa awiri awiri kapena atatu m'kanyumba ka udzu, monga kapitao waonera. Kuyambira 1990 alimi ang'ono analoledwa kulima fodya wa bale m'minda yao, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti; koma nchito ya kuthyola, kusoka, kupacika m'cigafa ndi kusankha masamba ifunabe manja ambiri, ndipo alendo afikabe caka ndi caka kufikira fodya atapita ku msika wa ku Chinkhoma. Mlaliki ali yense wa m'dziko lino akomana nao.

M'kanyumba kotere mupeza Mcewa, Mlomwe ndi Myao, osasankhana, osadziwana. Ndamva ena a iwo alikunena kuti, "Tiphika mphika umodzi," ndipo ndiyesa mau awa ndi abwino, pakuti ufa ndi mcere ndizo ziyesa anthu okhala pamodzi koposa tulo. Kumene kuli mabalani oocha fodya ndi nkhuni, moto suyenera kuzima usana ndi usiku masiku angapo, ndipo awiriwo alandizana, wina alikusonkha, wina ali gone pa mphasa yomweyo. Ndipo Mcewa wa nzeru, akakhala ndi Myao wa Cisilamu, asunga kamphika kena ka mbewa zace ndi nkhumba yace, osadetsa mphika wa onse. Ici ciphunzitseni m'kalasi, pakuti Akristu athu ena acita mwano pamenepa, nayesa kuti alikucitira umboni cikhulupiriro cao.

Za mau oterera

Tsopano tibwerere ku colakwa canga ca m'sukulu. Wogona naye ndi mau omangidwa bwino. Wogona ndi wa ndi kugona ataphatikana. Naye ndi na ndi iye. Motero tinena woyenda naye, wolima naye, ndi pocurukitsa oyenda nao. Aneni a phatikizo limodzi, ndi oyamba ndi lemba la liu, akuru sawaphatikiza: ati wakudya naye, wakumwa naye, wakuimba naye. M'galamala mulibe cirema. Cirema ciri m'mneni kugona pamene atsatana ndi kaliu kakuti ndi kapena na, pakuti awa ndiwo mau aulemu amene tinenera za mwamuna ndi mkazi; ndipo Buku Lopatulika licita comweco, monga muona pa nkhani ya Yosefe ndi mkazi wa Potifara pa Genesis 39. Mwana akati, "Ndigona ndi mphwanga," palibe woseka, cifukwa onse adziwa nyumbayo ndi anthuwo. Koma pamene womva sadziwa anthu ace, kapena mmodzi ali mwamuna ndi wina mkazi, mtima wace uthamangira ku tanthauzo lina.

Coopsya koposa ndi kuika -ana. Tiphunzitsa kuti kukonda kubala kukondana, kuthandiza kubala kuthandizana. Ndipo mlendo wophunzira cinenero cathu, potsata lamulo lomwelo, ayesa kuti anthu a cipinda cimodzi agonana. Liu limenelo liri ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo si la kugawana cipinda. Amene muthandiza alendo kuphunzira Cicewa muwacenjeze msanga, asanaime pa guwa.

Wina adzati, tsono tinene wokhala naye. Inde, mau awa apepuka pang'ono, ndipo pa amuna okha okha kapena akazi okha okha akwanira. Koma ndani wa ife sanamve pa bwalo la akuru a Mpingo mau akuti "mkazi amene akhala naye"? Onse amva kuti ndi olowana, osamanga ukwati. Liu lakuti nyumba nalonso literera. Akunyumba ndiwo mkazi wa munthu kapena mwamuna wace; mnzanga wa m'nyumba ambiri amva kuti ndi wa banja; ndipo za mphasa ndisanene konse, mudziwa nokha cimene akuru atanthauza akati za kumphasa. Muone tsono kuti kugona, kukhala, nyumba ndi mphasa, mau onse amene tikadafuna pa nkhani iyi, ukwati unawatenga kale. Ncifukwa cace gowero ndi mphala ndi kuka ali mau opulumutsa: dzina la malowo pa lokha liuza womva kuti muno mulibe za ukwati.

Pali timau titatu timene mphunzitsi ayenera kutisiyanitsa pa bolodi. "Ndikhala kwa uje" ndiko kuti nyumba ndi yace, iye andisunga, ndiri pansi pace. "Ndikhala ndi uje" sanena za mwini nyumba, ndipo asiya womva aganize yekha za cimene ciri pakati pa awiriwo. "Ine ndi uje tikhala m'nyumba imodzi" aika mtima wa womva pa malo, nawalinganiza awiriwo. Kaliu kakuti imodzi kagwira nchito yaikuru pamenepa, pakuti mwamuna ndi mkazi wace sanena kuti tikhala nyumba imodzi. Kwa iwo ncodziwikiratu.

Cimene cinandigwera

Ndisabise kuti cenjezo ili ndinaligula ndi manyazi. Ndiri mphunzitsi wamng'ono, zisanacitike za m'sukulu zija, ndinapemphedwa kuthandiza kalasi la ofuna ubatizo pa nyumba ya mapemphero ya pafupi ndi esiteti ina. Mwa iwo munali mnyamata wa kumwera, wofatsa, wosajomba, wodziwa mayankho ace onse. Polemba maina ndinafuna kudziwa kumene ndingampeze akadwala, ndipo ndinamfunsa kuti akhala ndi yani. Anachula dzina, ndipo linali la maina aja amene tipatsa ana amuna ndi akazi omwe, monga Cisomo, Cikondi ndi Mphatso. Ine ndinadziwa kuti ndi mnyamata mnzace wa m'cigafa, pakuti ndinamuonapo. Ndinalemba m'mphepete mwa buku mau atatu, "akhala ndi uje," ndipo caka cisanathe ndinasamutsidwa kupita ku sukulu yina.

Bukulo linatsala. Akuru oyesa a kalasi anawerenga mau anga, namva monga munthu ali yense akadamvera, kuti mnyamatayo walowana ndi mkazi. Sanamfunse poyera, pomcitira ulemu. Anangomuuza kuti ayambe wakonza za kunyumba kwace. Iye, wosadziwa cimene anena, ndi woopa kufunsa akuru, anabvomera nacoka. Anzace anabatizidwa iye alikuonerera. Nkhaniyo inaululika patapita miyezi, pamene mkuru wina anapita kukaceza ku esiteti kukalangiza "banjalo," napeza anyamata awiri alikuphika nsima pa mafuwa. Anaseka onse, ndipo akuruwo anapepesa. Koma fodya anali atagulitsidwa, ndipo mnyamatayo anabwerera kwao wopanda kalata ya ubatizo. Akuru aja sindiwatsutsa. Anawerenga Cicewa molungama. Wolemba mokhota ndinali ine. Ndipo taonani kuuma kwa mutu wa munthu, kuti patapita zaka ndinapunthwanso pa mwala womwewo pamaso pa ana a sukulu.

Za mau oyandikana nalo

Mnansi si wa m'nyumba mwako. Pa kalankhulidwe ka m'midzi mnansi ndi wacibale kapena wa pafupi, ndipo wa nyumba yopenyana ndi yako timchula woyandikana naye. A m'tauni ati neba. Omasulira Buku Lopatulika, limene linaturuka lathunthu mu 1922, anagwiritsa mau onse awiri pa lamulo la cikondi: pa Mateyu 22 anaika mnzako, ndi pa Luka 10, pa fanizo la Msamariya, anaika mnansi. Mlaliki adzapeza phindu kuwaika pamodzi. Mlendo ndi wakudza ndi kupita, sathira ufa mu mphika, ndipo mwini nyumba amgoneka. Akayamba kusonkha ufa ndi kutunga madzi waleka kukhala mlendo. Bwenzi ndi wa mtima, mumsankha nokha, angakhale akhala kutsidya kwa Bua. Koma liu ili nalonso literera pakati pa mnyamata ndi mtsikana, monga mudziwa.

Cenjerani ndi liu lakuti mbale. Anthu a pa esiteti, pokhala kutali ndi kwao, achulana acimwene ndi mbale wanga, ndipo acita bwino. Koma inu polemba funsitsani ngati ndi mbale wa bere limodzi, kapena wa mudzi umodzi, kapena wa nyumba imodzi cabe. Tsiku la matenda akuru kapena la imfa mudzafuna munthu wodziwa mudzi, mfumu ndi mwini mbumba wa wodwalayo, ndipo "mbale" uja mwina adziwa dzina la boma lokha.

Ophunzira a m'makoleji ali nalo liu laolao lakuti mesho, ndipo lafalikira m'sukulu zogonera konko. Aphunzitsi acinyamata oturuka ku koleji ya aphunzitsi ya kuno ku Kasungu abwera nalo. Sindilida. Licita cimene mau athu ena alephera, pakuti ndi lalifupi ndi losaterera, ndipo womva saganiza za ukwati. Koma ndi liu la anyamata ndi atsikana pa okha. Agogo a ku mudzi salidziwa, ndipo m'kalata ya kwa abusa kapena m'buku la Mpingo siliyenera, monga kabudula wa mpira sayenera pa guwa.

Nanga tilembe ciani? Kwa ana a sukulu ine tsopano ndimasulira kuti mnzanga wa cipinda cimodzi, ndi kuwauza kuti akuru akale akadati mnzanga wa m'gowero. Pofunsa munthu wa kalasi sindinenanso kuti akhala ndi yani. Ndifunsa kuti nyumba imene agonamo ndi ya yani, alimo angati, ndipo ndi amuna kapena akazi. M'buku ndilemba motalika, wosaumira inki: "Agona m'nyumba ya anchito, iye ndi anyamata anzace awiri," kapena, "Asungidwa kwa atsibweni ace," kapena, "Agona ku kuka kwa agogo ace." Pa dzina la mnzaceyo ndionjeza liu lakuti mnyamata kapena mtsikana, ndi mudzi wa kwao wa yense wa iwo.

Inu a ku Chulu ndi ku Kaluluma, kumene Cicewa cisanganikirana ndi Citumbuka, ndi inu a ku Wimbe ndi ku Mtunthama, mutilembere maina amene anthu a kwanuko apatsa nyumba ya anyamata ndi ya atsikana, ndi umo ogonamo achulirana, kuti tidzawaike m'kalata yotsatayo.